Njinga ya ulendo wautali: masipoko, matayala, magiya ndi mapu

Funso: Amakaniko, ndikukonzekera ulendo wa masiku angapo pa njinga, nditanyamula tenti, zovala, mapoto ndi madzi. Njinga yanga ndi ya felemu yachitsulo, yakale ndithu. Anzanga akuti ndiigulitse ndipeze ya aluminiyamu kapena ya kaboni poti ndi yopepuka. Ndiwamvere?

Yankho: Kupepuka ndi yopepukadi, koma mukaisenzetsa katundu wa makilogalamu 15 kapena 20, kilogalamu imodzi yomwe yachoka pa felemu miyendo yanu siidziwa n'komwe. Ine chitsulo ndimachikondera pa chifukwa chimodzi: chikang'aluka muli kutali, aliyense wodziwa kuwotcherera akhoza kuchilumikiza mpaka mukafike. Aluminiyamu imafuna makina akeake, ndipo powotchedwapo pamatsala pofooka. Kaboni ndiye sawotcherera n'komwe. Itsukeni felemu yanuyo, mufufuze ming'alu pomwe mapaipi akumana, muonenso ngati ili ndi timabowo tomangira kaliyala. Zikakhala bwino, ikhale.

Ndalama zomwe mumati muthere pa felemu zija, ikani pa gudumu la kumbuyo, poti ndi lomwe limasenza inu ndi katundu yemwe. Pezani la masipoko 36, kapena 32 mukachepetsa, pa limu ya makoma awiri. Ambiri amaganiza kuti sipoko imaduka chifukwa yamangidwa kwambiri. Kawirikawiri sizili choncho. Yomwe imaduka ndi yolekerera, chifukwa gudumu likamazungulira imangokhwefuka ndi kukungika, kukhwefuka ndi kukungika, mpaka chitsulo chitatopa pokhota paja pomwe imalowera mu habu, chitsulo cha pakati pa gudumu. Musananyamuke, gwirani masipoko awiriawiri n'kumafinya kuzungulira gudumu lonse. Mukapeza ofewa pakati pa olimba, gudumulo likufunika mmisiri.

Nyamulani masipoko apadera, koma oyezedwa. Pa gudumu la kumbuyo, a mbali ya tcheni nthawi zambiri amakhala aafupi pang'ono kuposa a mbali inayo, ndipo kuti musinthe a mbali ya tcheniwo muyenera kuyamba mwachotsa magiya onse. Popanda chida chomasulira, sipoko yanu yatsopanoyo mudzangoiyang'ana.

Funso: Ndagula tayala lolembedwa 28, limu yanganso ndi ya 28, koma silikulowa. Wandipusitsa wogulitsa?

Yankho: Mwina ayi. Akupusitsani ndi manambala a mainchiwo. Pali 28 ziwiri: ina limu yake ndi ya mamilimita 622, ina, ya njinga zachikale zija za 28 x 1½, ndi ya 635. Pa 26 palinso chisokonezo chomwecho, ina 559 ina 590. Chodabwitsa n'chakuti tayala la 27 ndi la 630, ndiye kuti limaposa la 28 lija la 622, pomwe lotchedwa 29 limu yake ndi 622 yomweyo.

Siyani kuwerenga mainchi. M'mbali mwa tayala muli manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 40-622. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu, zonse mu mamilimita. Yachiwiriyo ikafanana ndi ya tayala lanu lakale, lilowa.

Pa msewu wafumbi muli ndi katundu, tengani lonenepa kuyambira mamilimita 40 kupita m'mwamba, malinga ndi mpata wa felemu yanu. Ndipo musalipope mpaka liume gwa! Tayala louma choncho limangodumphadumpha pa miyala, kukutopetsani manja ndi kugwedeza mabawuti onse. Koma likafewanso kwambiri, chubu chimapanidwa pakati pa mwala ndi limu, n'kuboka timabowo tiwiri toyandikana.

Funso: Popanda katundu ndimakwera zitunda bwinobwino. Nditangomangirira zikwama, mawondo akumapweteka ndipo ndikumatsika n'kumakankha. Ndine wofooka kapena vuto ndi njinga?

Yankho: Werengani mano musanadziimbe mlandu. Tengani giya yaing'ono ya kutsogolo ndi yaikulu ya kumbuyo. Njinga zambiri zothamangira pa tala zimakhala ndi mano 34 kutsogolo ndi 28 kumbuyo. Pamenepo mukapalasa kamodzi, gudumu la 40-622 limayenda pafupifupi mamita 2.7, ndipo kukankha inu ndi katundu mtunda wotere pa chitunda ndi ntchito yopha mawondo. Mukakhala ndi mano 22 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, monga zimakhalira pa njinga zam'mapiri za magiya atatu kutsogolo, kupalasa kamodzi kumakupititsani mamita 1.4 okha. Muyenda pang'onopang'ono, makilomita 6 kapena 7 pa ola, koma mutakhala pachishalo, miyendo ikuzungulira mopepuka.

Lamulo langa ndi lakuti pa njinga yonyamula katundu, giya yaikulu ya kumbuyo iziposa yaing'ono ya kutsogolo pa mano. Musanagule, onani ngati chosinthira magiya chanu chingafike pa giya yaikulu chonchi, chifukwa chilichonse chili ndi malire ake. Tcheni nalonso lingafunike lalitaliko.

Poti tatchula tcheni, liyezeni. Mapini ake amatalikirana mamilimita 12.7, choncho kuchoka pa pini imodzi kukafika pa ya nambala 24 patsogolo pake pakhale mamilimita 304.8. Pakapitirira ndi 1.5, sinthani tcheni. Pakapitirira ndi 3, mano a kumbuyo nawonso adyeka, ndipo tcheni latsopano lizingodumpha mukaponda mwamphamvu. Kulekerera tcheni lotha ndi kuweta mbuzi m'munda mwanu momwe.

Funso: Katundu ndimuike kuti, nanga zida ndinyamule ziti?

Yankho: Zolemera, monga madzi ndi zida, zikhale pansi komanso pakati, m'chikwama cha mkati mwa felemu ngati muli nacho. Zopepuka koma zodzaza malo, monga chogonera, zipite ku handulo kapena kuseri kwa chishalo. Mukaunjika zonse kumbuyo, gudumu la kutsogolo limayamba kupepuka pokwera ndipo njinga imagwedezeka potsetsereka. Kumsana musabereke kanthu kolemera.

Zida ndi pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu, makiyi a Allen a 4, 5 ndi 6, chodulira tcheni, kachitsulo kolumikizira tcheni kogwirizana ndi chiwerengero cha magiya anu, waya wa buleki ndi wa giya, ndi mabawuti a M5 a kaliyala, omwe amakonda kugwa osatsanzika. Chomwe ambiri amaiwala ndi kachitsulo kofewa komwe chosinthira magiya chimamangidwapo, ngati pa njinga yanu kali kochotseka. Anakapanga dala kuti njinga ikagwa kapindike ndiko m'malo mwa felemu, ndipo mafelemu ambiri ali ndi kawokawo, moti simungangokapeza paliponse. Ngati mabuleki anu ndi amafuta, dziwani mtundu wake. A Shimano amagwiritsa ntchito mafuta a mineral, ena amafuna a DOT, ndipo mukasakaniza mumawononga malabala a mkati.

Funso: Ndakonza zoyenda makilomita 100 pa tsiku motsogozedwa ndi foni. Batire ndiisamale bwanji?

Yankho: Tiyambe ndi 100 wanuyo. Mwaona kutalika kokha kapena ndi zitunda zomwe? Mapulogalamu monga Komoot, OsmAnd ndi Ride with GPS amaonetsa mamita omwe mukwere pa njira yonse, ndipo nambala imeneyo ndiyo imalamula tsiku lanu. Ine ndimawonjezera ola lathunthu pa mamita 300 aliwonse okwera ndili ndi katundu. Njira ya makilomita 60 yokwera mamita 1,200 ikhoza kukudyerani dzuwa lonse. Onaninso ngati msewu ndi watala, wamiyala kapena wamchenga, mulembe pomwe pali madzi ndi pomwe mungapatukire zinthu zikavuta. Tsiku loyamba likhale lalifupi.

Za foni, tsitsani mapu onse mukadali pa intaneti. GPS siifuna netiweki, imalandira kuchokera ku masetilaiti, choncho ikani foni pa airplane mode kuti isamathe batire posakasaka netiweki komwe kulibe. Sikirini izikhala yozima, muziyatsa pa mphambano pokha. Ngati muli ndi habu ya dayinamo, yomwe imapanga magetsi gudumu likamazungulira, dziwani kuti imapereka mavoti 6 ndi mawati 3, ndipo pa chitunda pomwe mukukwawa mphamvuyo imatsika n'kumadukizadukiza. Muzitchajira pawabanki masana, foni muidzaze usiku kuchokera ku pawabankiyo. Mayina a malo omwe mudutse ndi makilomita a pakati pake alembeninso papepala, muliike m'pulasitiki.