Funsani Malume: Kupatula Masha, tingaonerenso chiyani cha ku Russia?

Malume, ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa nthochi ndi mapeyala pa msika wa Luchenza. Loweruka lililonse ana amalanda foni yanga n'kuyamba kuonera kamtsikana kovala duku kaja, Masha, ndi chimbalangondo chake. Wamkulu, wa sitandade 7, akuti katuni ameneyu ndi wa ku Russia. Ine ndatopa naye, ndipo wamng'onoyo wayamba kutengera makani a Mashayo. Kodi ku Russiako kulibe zina zabwino zoti tingaonere limodzi? Nanga chilankhulo chawocho tizichimva bwanji?
*Mayi wa ku Luchenza*

Mayi, mwana wanuyo wanena zoona. Katuni wa Masha amapangidwa ndi kampani ya Animaccord, yomwe inayambira ku Moscow, ndipo anayamba kuoneka mu 2009. Gawo limodzi lokha, lija Masha aphika phala lodzaza nyumba yonse, laonedwa koposa ka 4 biliyoni pa YouTube. Choncho si ana anu okha amene agwidwa naye. Koma taonani bwino chimbalangondo chija. Sichitulutsa liwu ngakhale limodzi, komabe mwana wa zaka zitatu amadziwa kuti pano chatopa, pano chakwiya, pano chikudandaula. Makatuni ambiri abwino a ku Russia ndi otero, nkhani imayenda ndi maso, ndiye za chilankhulozo musade nazo nkhawa.

Ine zinthuzi ndazidziwa ndili ndi imvi kale. Amene tinakula nthawi ya Kamuzu sitinazione, chifukwa boma lathu silinkayendera limodzi ndi mayiko a chikomyunizimu, komanso wailesi ya kanema m'dziko muno inayamba mu 1999. Mwana wa mchemwali wanga, amene anakaphunzira ku Russia, ndiye anabwera ndi fulashi yodzaza makatuni akale a Soyuzmultfilm, situdiyo ya ku Moscow yomwe inakhazikitsidwa mu 1936. Kuyambira pamenepo adzukulu anga akabwera kuno ku Thyolo pa holide amadziwa kale chowadikira.

Yambani ndi Nu, pogodi! Dzinali pa Chichewa tingati "Dikira, uona!", ndipo ndi mawu amene mmbulu amakuwa nthawi zonse kalulu akamupulumuka. Eya, kalulu yemwe uja wa m'nthano zathu, kungoti wawoyu ndi wofatsa, sachita zachinyengo ngati wathu. Gawo loyamba linatuluka mu 1969, wotsogolera anali Vyacheslav Kotyonochkin, ndipo pofika 1986 magawo anali 16, lililonse pafupifupi mphindi 10. Mawu ndi ochepa zedi, kwinako ndi nyimbo ndi kuthamangitsana. Ndikuchenjezeniko chimodzi: mmbuluyo amasuta fodya ndiponso amataya zinyalala paliponse. Anamujambula dala ngati chitsanzo cha munthu wopanda khalidwe, koma mwana wamng'ono sangazindikire yekha. Khalani pambali pake mumuuze.

Kwa wamng'ono wamakaniyo ndikupatsani Cheburashka. Ndi kanyama ka makutu akuluakulu kosadziwika mtundu wake, komwe kanapezeka m'bokosi la malalanje kali mtulo. Kumalo osungira nyama anakakana poti sankadziwa kuti akaika m'khola liti. Kenako kanapalana ubwenzi ndi ng'ona yotchedwa Gena, imene inali yosungulumwa moti inachita kulemba zikalata n'kumata m'misewu kuti ikufuna mnzake. Nkhaniyi analemba ndi Eduard Uspensky mu 1966, ndipo Roman Kachanov anaipanga filimu ya zidole mu 1969. Cheburashka salalata, salamula, amapempha mwaulemu. Patatha masabata angapo akumuonera mudzandiuza ngati mwanayo sanatsikeko mtima.

Palinso wina wa mu 1982, Zhil-byl pyos, wa Eduard Nazarov, wotengedwa ku nthano ya ku Ukraine. Galu wakalamba, wagona wakuba akulowa m'nyumba, eni ake amuthamangitsa. Kutchire akumana ndi mmbulu wokalamba, mdani wake wakale. Apangana kuti mmbulu anamizire kuba khanda kumunda nthawi yokolola, galu anamizire kulilanditsa. Galu abwerera pakhomo ngati ngwazi. Nyengo yozizira itafika, galu akumbuka mnzake uja n'kumulowetsa mobisa pansi pa tebulo pa ukwati kuti adye akhute. Ikani "padangotero" patsogolo ndi "tili tonse" pambuyo, palibe anganene kuti si ya agogo athu.

Koma amene ndimamukonda kuposa onse, Mayi, ndipo ndikufuna mumusungire tsiku lake, ndi Yozhik v tumane, kapena kuti Kanungu m'nkhungu. Pa YouTube mumufufuze ndi dzina lakuti Hedgehog in the Fog. Anapanga ndi Yuri Norstein mu 1975, zojambulazo ndi za mkazi wake Francheska Yarbusova, ndipo ndi wa mphindi 10 zokha. Mu 2003, pa chikondwerero cha makatuni ku Tokyo, akatswiri anamusankha kukhala katuni wopambana onse.

Ife tinamuonera tsiku lina mu July, chiperoni chitatsekereza kwa masiku atatu. Mukuchidziwa inu cha kuno kwathu: mvula yowaza yosaleka, zovala zosauma pa chingwe, minda ya tiyi yosaoneka ngakhale ili kuseri kwa nyumba. Tinakhala kukhitchini titazungulira mbaula, mbatata zili m'phulusa, laputopu ili pa mpando. Nkhani yake ndi yaying'ono. Madzulo aliwonse kanungu kamapita kwa mnzake, mwana wa chimbalangondo, kukamwa tiyi ndi kuwerenga nyenyezi. Tsikuli kanyamula jamu m'kamtolo. Panjira kaona hatchi yoyera itaima m'nkhungu, n'kuyamba kuidera nkhawa, ndiye katsikira m'chigwa kuti kakaione. Kangolowa m'nkhungumo basi, kasochera. Tsamba likugwa likuoneka ngati chilombo, mtengo ngati chimphona, kadzidzi akulondola pambuyo. Kataya kamtolo kake, galu wosadziwika akabwezera. Kagwera mumtsinje, ndipo wina amene nkhope yake sitiiona akabereka pamsana mpaka kumtunda. Nthawi yonseyi mnzake uja akuitana chapatali.

Mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene sakhala pansi mphindi imodzi, anaiwala mbatata yake m'manja mpaka inazizira. Titamaliza anapita pakhomo, n'kuima akuyang'ana nkhungu imene inaphimba mitengo ya bulugama, ndipo anandiuza kuti nayenso tsiku lina anasochera chonchi pochokera kusukulu, mpaka anamva mayi ake akumuitana. Nkhani imeneyi anali asanauzepo aliyense. Mwana wa ku Thyolo kapena wa m'munsi mwa phiri la Mulanje safunikira womufotokozera katuni ameneyu, mwina amamumva kuposa wa m'tauni ya Moscow. Nkhunguyo Norstein sanaipange ndi kompyuta. Ankaika pepala lopyapyala pamwamba pa chithunzi n'kumalikweza pang'onopang'ono kuyandikitsa ku kamera, kanungu n'kumazimiririka.

Masha musamuletse, ingomuchepetsani. Ndipo foniyo musangowasiyira. Ikani pa mtondo kapena pa mpando, nonse mukhale pamphasa.

Malume, ndimalondera pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chitakale ndipo ndimapuma Lamulungu. Mafilimu a karate ndi a mfuti a ku vidiyo sho anditopetsa. Ndikufuna filimu ya anthu akuluakulu yoti ine ndi akunyumba tionere titakhala pansi. A ku Russia ali nazo zotere?
*Bambo wa ku Chitakale*

Achimwene, ali nazo, ndipo ndikupatsani yoyambira popanda kuzengereza: Ballad of a Soldier, ya mu 1959, yotsogoleredwa ndi Grigory Chukhray, munthu amene anamenya nawo yekha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kuvulazidwa. Ndi ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ola limodzi ndi theka. Amati ndi ya nkhondo, koma mfuti zimalira makamaka kumayambiriro. Msilikali wa zaka 19, Alyosha, waononga akasinja awiri a Ajeremani. Mkulu wa asilikali akufuna kumupatsa mendulo, iye apempha china: amulole apite kumudzi akakonze denga la mayi ake lomwe likudontha. Amupatsa masiku asanu ndi limodzi, awiri opita, awiri okonza denga, awiri obwerera.

Masikuwo amathera panjira chifukwa mnyamatayo satha kudutsa munthu ali pamavuto. Aperekeza msilikali woduka mwendo amene akuopa kukaonekera kwa mkazi wake. Msilikali wina amutuma kuti akapereke sopo ziwiri kwa mkazi wake, ndipo sopo pa nthawi ya nkhondo inali chuma. Atafika apeza mkaziyo akukhala ndi mwamuna wina, ndiye atenganso sopo zija n'kukapereka kwa bambo a msilikaliyo, osawauza zimene waona. Pofika kumudzi watsala ndi mphindi zochepa. Mayi ake athamanga kuchokera kumunda, akumbatirana pamsewu, galimoto ikuliza hutala. Denga silinakonzedwe. Sindikukuonongerani filimu, poti imanena yokha pachiyambi pomwe kuti mnyamatayu sanabwerekonso ku nkhondo. Dziko la Soviet Union, lomwe Russia inali mbali yake, linataya anthu pafupifupi 27 miliyoni pa nkhondo imeneyo kuyambira June 1941, ndipo filimuyi inasankha kutionetsa mmodzi yekha. Aliyense amene anaperekezapo mwana ku basi ya ku Joni, denga la makolo likudontha, adzaimva mpaka m'mafupa. Mkazi wanga anatuluka panja kukapukuta maso ndi chitenje.

Lamulungu lotsatira muonere Moscow Does Not Believe in Tears, ya Vladimir Menshov, yomwe inapata mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar mu 1981. Iyi ndi yaitali, maola awiri ndi theka, ndiye nsima ikhale itadyedwa kale, ananso atagona chifukwa muli nkhani za akuluakulu. Atsikana atatu achoka kumudzi kupita ku Moscow mu 1958. Mmodzi, Katya, wogwira ntchito m'fakitale, anamizira kuti ndi mwana wa pulofesa, ndipo mwamuna amene wamupatsa pathupi amuthawa atadziwa zoona. Katya alera yekha mwana, akuphunzira usiku. Patatha zaka 20 ndi iye mkulu wa fakitale. Kenako akumana ndi Gosha m'sitima, mwamuna waluso la manja ndi wamtima wabwino, koma amene salola kuti mkazi azilandira ndalama zambiri kuposa iye. Apa ndi pamene inu ndi akunyumba mudzatsutsane, ndipo ndi bwino mutero. Ine sindigwirizana naye Goshayo. Ndaona amayi ambiri othyola tiyi akuphunzitsa ana mpaka ku koleji ndi ndalama ya dengu lawo, ndipo palibe banja linachepa ulemu chifukwa cha zimenezo.

Mukafuna kuseka, fufuzani Operation Y and Shurik's Other Adventures ya Leonid Gaidai, ya mu 1965. Muli nkhani zitatu za mnyamata wa pakoleji wovala magalasi. Yoyamba, imene akuthamangitsana ndi chidakwa pamalo omanga nyumba, imamveka ngakhale mutatseka mawu.

Imodzi yokha ndikuletseni. Wina akakupatsani Come and See ya Elem Klimov, ya mu 1985, musaiike pali ana kapena munthu wa mtima wofooka. Imaonetsa mmene asilikali a Ajeremani a chipani cha Nazi ankaotchera midzi ya ku Belarus anthu ali m'kati. Ndi filimu yaikulu, yoona, koma ine ndinaionera kamodzi ndipo tulo sindinatione usiku umenewo.

Malume, zonsezi tingazipeze kuti osamaliza bandulo? Kwathu kuno ku Limbuli netiweki imavutavuta, ndipo agogo sadziwa kuwerenga Chingerezi.
*Mnyamata wa fomu 3, Limbuli*

Mphwanga, situdiyo ya Mosfilm, imene inapanga mafilimu akuluakulu ndatchulawa, inaika mafilimu ake ambiri pa YouTube kwaulere, ali ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Lemba dzina la filimuyo pamodzi ndi liwu lakuti Mosfilm. Makatuniwo uwafufuze ndi mayina monga ndawalembera pamwambapa. Usamaonere mwachindunji netiweki ikuduladula. Tsitsa filimuyo usiku kapena tsiku limene wapita pa boma, usankhe 360p, pa foni imaoneka bwinobwino ndipo sidya bandulo kwambiri. Makatuni a mphindi 10 ndiye ndi opepuka, ungatsitse anayi kapena asanu ulendo umodzi. Anzako mukagawana, wina iyi wina iyo, mudzapatsirana pa foni kapena pa memori khadi. Kumbukanso kutchaja foni tsiku loonera lisanafike, magetsi sadalirika.

Za agogozo, womasulira ndiwe. Umawadziwa anyamata aja amene amaika mawu a Chichewa pa mafilimu a ku India ndi a ku China. Chita ngati iwo, koma usaonjezere nthabwala zako. Yamba waonera wekha kamodzi, ulembe mayina a anthuwo papepala, chifukwa a ku Russia amaitana munthu mmodzi ndi mayina angapo: Katya ndi Katerina ndi munthu yemweyo, chimodzimodzi Alyosha ndi Aleksei. Ukamaonera ndi agogo, uziimitsa filimu pamene mawu achuluka, uwafotokozere, kenako upitirize. Yambani ndi wa galu wokalamba uja, ndipo ikatha uwafunse agogo ngati alibe nthano yofanana nayo ya Chilhomwe.