Kodi "titivate" ndi kutchena?

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Agogo ena aakazi omwe ndimawayang'anira, tikati tipite kukadya, amandiuza kuti ndidikire chifukwa akufuna "titivate" kaye. Amatenga chipeso ndi kagalasi, n'kukhala nazo mphindi khumi zathunthu. Mawu amenewa sindinawaphunzire kusukulu. Amatanthauza chiyani, anachokera kuti, nanga m'Chichewa tingati ndi kutchena?

Yankho: Mayi, mwafunsa bwino, ndipo zimene agogowo amachita ndi chipeso chawo ndiye tanthauzo lenilenilo. Mawuwa amanena za kukonza tinthu ting'onoting'ono pa maonekedwe, munthu atasamba kale ndiponso atavala kale. Kuwongola kolala, kubweza tsitsi lomwe lathawira pamphumi, kuchotsa kaulusi paphewa, kupaka pang'ono milomo, kenako kuyang'ananso pagalasi. Amawagwiritsanso ntchito pa nyumba kapena dimba la maluwa, munthu akamasuntha mipando ndi kutsukuluza makapu poyembekezera alendo. Masiku ano mawuwa amamveka kwambiri pakamwa pa achikulire a ku Britain, n'chifukwa chake mwakumana nawo kuntchito kwanu osati m'kalasi.

Mawuwa anayamba kuoneka m'zolembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo poyamba ena ankalemba kuti "tidivate". Kalembedwe kakale kameneka ndi komwe kamachititsa akatswiri ambiri kuganiza kuti tsinde lake ndi "tidy", kutanthauza chinthu chaudongo, cholongosoka. Zikuoneka kuti anthu anangolumikizako mathero a mawu ngati "cultivate" kuti amveke ngati ochokera ku Chilatini, pomwe kwenikweni anabadwira m'macheza a tsiku ndi tsiku. Naye "tidy" ali ndi mbiri yake: anachokera ku "tide", mawu omwe m'Chingerezi chakale ankatanthauza nthawi, choncho poyamba chinthu cha "tidy" chinali chobwera pa nthawi yake yoyenera. Mukadzaona wina atalemba "tittivate", ndi t awiri pakati, sanalakwitse. Kalembedwe kameneko kaliponso.

Tsono pa kutchena ndiye sindikugwirizana napo. Kutchena timanena poona munthu atamaliza zonse. Mnyamata akatulukira pa ukwati atavala suti, nsapato zili phuliphuli, timati watchena. Maso athu ali pa zovala ndi mmene zamukhalira. Agogo anuwo mwina avala juzi yomweyo ya dzulo, koma sangatuluke tsitsi lisanagone mmene akufunira. Kuphoda nako kumangokhudza nkhope, pomwe kudzikongoletsa n'kotakata kwambiri, kumafika mpaka pa ndolo, mikanda ndi kuluka tsitsi kwa tsiku lonse.

Ine ndimasankha kudzikonzakonza. Chichewa chili ndi njira yake yosonyezera kuti ntchito ikuchitika pang'onopang'ono komanso mobwerezabwereza, yomwe ndi kubwereza tsinde la mneni. Kuyenda n'kosiyana ndi kuyendayenda, kugwira n'kosiyana ndi kugwiragwira. Chimodzimodzinso, wodzikonza amakonzeka n'kunyamuka, koma wodzikonzakonza amamanga duku, kumasula, kumanganso, kupendeketsa mutu pagalasi, anzake ali panja akuitana kuti minibasi ikupita. Chingerezi chinachita kupanga mawu atsopano kuti chinene zimenezi, pomwe ife tinali nazo kale m'kapangidwe ka mneni, ndipo zimandisangalatsa kwambiri kuti palibe chifukwa chobwerekera.

Palinso mawu ena oyandikana nawo, "preen", omwe kwenikweni ndi a mbalame. Mukaona nkhuku itakhala pamthunzi, ikutapa mafuta pafupi ndi mchira wake ndi mlomo n'kumasalaza nthenga imodziimodzi, ndi zimenezo. Akanenedwa kwa munthu amakhala ndi kachitonzo, ngati akunyada. "Titivate" alibe ululu wotero, n'chifukwa chake agogowo amadzinenera okha mosachita manyazi.

Chenjezo limodzi lokha, mayi, poti mumalankhula ndi anthu aulemu wawo. Musasokoneze mawuwa ndi "titillate". Amenewo anachokeradi ku Chilatini, kwa mneni wotanthauza kugirigisha, ndipo masiku ano nthawi zambiri amanena za kudzutsa chilakolako. Amasiyana pa zilembo zapakati zokha, ndipo ngakhale eni chiyankhulo amawasokoneza. Mukamauza mnzanu wapantchito chifukwa chimene agogo achedwera, tchulani bwino v wapakatiyo.