Mbalame za m'madambo a Shire sizidziwa kalendala ya ku Ulaya

Achimwene ena a ku Namwera anandilembera imelo sabata yatha. Akuti anagula kamera yogwirapo kale ntchito, ndipo pa YouTube amva Azungu akunena kuti nthawi yabwino yojambula mbalame za m'madzi ndi Epulo ndi Meyi. Funso lawo ndi lakuti adikire miyezi imeneyo kodi, nanga ayambire pati kuno ku Mangochi.

Achimwene, mukadikira Epulo mudzapeza alendo atalongedza kale. Epulo wa Azunguwo ndi nthawi imene mbalame zomwe zinathawa chisanu kwawo zikubwerera, ndipo zina mwa izo zimakhala zikuchokera konkuno. Anamzeze ambiri amene mumawaona atandanda pa mawaya a magetsi m'dzinja ndi a ku Ulaya, amafika cha mu Okutobala ndi Novembala n'kunyamuka cha mu Malichi kapena Epulo. Choncho nthawi yathu ndi pamene mvula yoyamba ikugunda. Apo mpheta zazimuna zimavala chikasu n'kuyamba kuluka zisa m'bango, phokoso lake ngati msika wa nsomba.

Poyambira musavutike ndi ulendo wautali. Shire akatuluka m'nyanja ya Malawi amadutsa pa boma pathu pompa, kenako amalowa m'nyanja ya Malombe, yomwe ndi yosazama, ya bango ndi matope, ndiye zakudya za mbalame zili mbwee. Inu ochokera ku Namwera muli ndi mwayi: musawoloke n'komwe mlatho wa Bakili Muluzi. Imani tsidya la kum'mawa cha m'ma 5:30, dzuwa likamatuluka likhale kumsana kwanu. Ikamakwana 9 koloko kuno kwatentha kale, ndipo kakowa pa chithunzi amangotuluka ngati pepala loyera, nthenga osaoneka.

Nkhwazi ndiyo idzakuphunzitseni kudekha. Tsiku lina ndinakhala pansi pa mtengo pafupifupi ola lathunthu ndikuyang'ana imodzi ili phee pa nthambi youma. Inalira kawiri, mutu itaugwetsera kumbuyo monga ichitira. Nditangoweramira foni kuti ndione uthenga, ndinamva madzi kuti phava! Pokweza maso, iyo ikuuluka nsomba ili lendelende m'zikhadabo. Chithunzi cha tsikulo ndi nthambi yopanda kanthu, ndinachisunga dala. Mukaona nkhwazi yawerama pang'ono kutsogolo, chala chikhale pa batani, ndipo shutter (liwiro limene kamera imatsekulira ndi kutseka pojambula) ikhale pa 1/2000 ya sekondi kapena yothamanga kuposa apo.

Nantchengwa ndi wofatsirapo, amapalasa matope ndi phazi kuti achule ndi tinsomba tivumbuluke. Agogo anga ankatiletsa kuyandikira chisa chake chachikulu chija, ndipo mpaka lero ndimachijambulira patali.

Thumba likalola, pitani ku Liwonde National Park, kumusi kwa Malombe. Inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyendetsa nawo mu 2015. Muli mitundu ya mbalame yoposa 400, kuphatikizapo kadzidzi wamkulu wodya nsomba ndi timbalame tobiriwira ta nkhope yofiirira tokonda mitengo ya tsanya. Kwerani boti la mumtsinje, pamadzi mbalame sizithawa msanga ngati munthu akuyenda pansi.

Kwina konse mukabwereka bwato la msodzi, gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo akakuuzani kuti uko kuli mvuu ya mwana, osalimbikira. M'bango musalowemo ndi mapazi: ng'ona zilipo, likodzo nalonso lilipo. Anthu osamba ndi ochapa pa doko musawaloze ndi kamera osapempha, mudzayambana nawo pachabe.

Za kamera yanuyo simunandiuze kuti lens yake (galasi lakutsogolo lokokera zinthu pafupi) ndi ya mamilimita angati. Ikafika 300 ndi yokwanira kuyambira. Ine ndimanyamulanso jumbo yokutira kamera mvula ikadzidzimutsa, ndi kansalu kopukutira galasi. Mukajambula mpheta zanu zoyamba mu Novembala, munditumizireko ngakhale zosaoneka bwinozo.