Mazira ofewa ku Mufakose: madeya achuluka, mayi

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, walemba kuti: "Nkhuku zanga zayamba kuikira mazira ofewa, ena ndi kachikopa chabe. Ziwiri zikulephera kuima, ina yafa dzira litakanirira m'mimba. Ndimagula layers mash n'kusakaniza ndi madeya theka ndi theka kuti thumba lichedwe kutha. Kodi ndi chitopa?"

Mayi, yankho mwalilemba nokha. Theka ndi theka! Thumba lachedwadi kutha, koma ngongoleyo nkhuku zikubweza ndi mafupa awo. Chitopa ine sindikuchiona apa. Simunatchule kutsokomola, zitosi zobiriwira kapena kupotoka khosi, ndipo chitopa chikalowa m'khola sichitenga nkhuku imodzi n'kubwerera.

Chigoba cha dzira limodzi chimadya magalamu pafupifupi 2 a kashiyamu, choncho nkhuku yoikira imafuna magalamu 4 patsiku. Mu layers mash kashiyamu amakhalamo maperesenti 3.5 mpaka 4, pamene m'madeya alimo wongonunkhiza. Akaperewera m'chakudya, nkhuku imakamukokolola m'mafupa ake, n'chifukwa chake ziwirizo zakhala pansi.

Komanso kashiyamu sadzilowera yekha m'magazi. M'maselo a matumbo muli puloteni yotchedwa calbindin imene imamugwira n'kumuolotsa, ndipo ilinso m'kathumba momwe chigoba chimaumbidwira. Robert Wasserman ndi Alan Taylor anaitulukira m'matumbo a anapiye mu 1966 ku Cornell University, ku America. Thupi limaipanga pakakhala vitamini D, ndiye vitaminiyo ali mu mash yemwe mwamuchepetsayo. Mwachepetsa katundu ndi womunyamula yemwe.

Ya dzira lokanirira ija nkhani yake ndi ya puloteni ina, calmodulin. Iyi ili ngati kapitawo wa pafamu: payokha sigwira khasu, koma ikalandira timadontho tinayi ta kashiyamu imasintha maonekedwe, n'kukakumbatira puloteni inzake ndi kuidzutsa kuti iyambe ntchito. M'minofu ya njira ya mazira imadzutsa puloteni yotchedwa myosin light chain kinase, imeneyo n'kuchititsa myosin, puloteni yofinyitsa mnofu, kukoka, mnofu n'kufinya, dzira n'kutuluka. Kashiyamu akachepa m'magazi kufinyako kumafooka, ndipo dzira lofewa ndi lovutanso kale kulikankha. Mankhwala a m'madzi amene anthu amathamangira kukagula sangadzutse mnofu umenewo.

Lekani madeyawo lero. Kenaka ikani timiyala ta laimu wa ziweto kapena zigoba za oyisitara (nkhono za m'nyanja) zophwanya m'kambale kapadera, m'ma 3 koloko masana. Ine mankhwala anga ndi amenewa, ndipo ndi madola ochepa chabe, osafika pa mtengo wa nkhuku yafayo. Musagule laimu wa ufa, funani wa timiyala. Dzira limakhala maola pafupifupi 20 likuumbidwa chigoba, nthawi yambiri usiku nkhuku isakudya, ndiye timiyala timatsalira mu nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono mpaka kucha. Laimu wopaka nyumba ayi, amawotcha kukhosi. Zigoba za mazira a pakhomo zimathandizanso mukaziwamba pamoto n'kuzisinja bwino, kuti nkhuku zisaphunzire kujompha mazira.

Chaka chilichonse mafunso otere amachuluka mu Okutobala. Makola a malata afupiafupi amene ndimawaona ku Dzivarasekwa ndi ku Epworth amatentha masana, nkhuku n'kumapuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa. Kupuma kotero kumataya mpweya wa carbon dioxide umene umafunika poumba chigoba, moti ngakhale chakudya chikhale chabwino mazira amapyapyala. Yalani udzu padenga, tsegulani m'mbali, madzi akhale pamthunzi.

Ziwiri zogonazo zipatuleni, muziyandikizire chakudya ndi madzi, m'mawa ziothereko dzuwa. Pakatha sabata ziwiri zigoba zisanalimbe, kapena mukamva ina ikutsokomola, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto, chifukwa matenda a m'chifuwa nawonso amafewetsa mazira.