Funso limodzi m'makalasi onse: "Wadziwa bwanji?"

Aphunzitsi aakulu a pa sukulu ina ya pulaimale ku Kasungu andilembera pa imelo. Akuti ana awo amaloweza notsi bwinobwino, koma funso likangotembenuzidwa pang'ono pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 amasowa pogwira. Ndiye akufunsa ngati aike piriyodi yapadera yophunzitsa kuganiza.

Aphunzitsi, ine ndikuti musatero. Piriyodi imeneyo idzasanduka katundu wa mphunzitsi mmodzi, enawo n'kumapitiriza kulemba pa bolodi ana n'kumakopera. Gwirizanani aphunzitsi nonse, kuyambira Sitandade 1 mpaka 8, kuti mwana akayankha, kaya wakhoza kaya walakwa, muzimufunsa kuti, "Wadziwa bwanji?" Mukafunsa dikirani. Apa ndi povuta, chifukwa kalasi ikangoti zii timathamangira kwa mwana yemwe uja wokweza mkono nthawi zonse.

Ndikudziwa kuti chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi ambiri ndi odzaza, ena kupitirira ana 100. Simungamve aliyense, koma aliyense angathe kuuza mnzake woyandikana naye. Apatseni mphindi ziwiri akambirane awiriawiri, kenako lozani amene sanakweze mkono.

Zokambirana muli nazo pakhomo. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kubwera ku nkhalango ya Kasungu. Funsani a Sitandade 7: mlimi amene njovu zamudyera chimanga ndi wogwira ntchito yoteteza nyama, aliyense anena chiyani? Atsutsane, koma aliyense apereke chifukwa. Pa masamu, awerengere ngati kugulitsa chimanga pa ndowa kwa mavenda nthawi yokolola kukuposa kusunga mpaka Januwale, osaiwala anankafumbwe ndi mtengo wa mankhwala. Ang'onoang'ono aponyereni ndagi. Akati "gize" n'kupeza yankho, afotokoze chomwe chawalozera.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mwana wosekedwa kapena kupatsidwa chibalo atalakwa yankho sadzayesanso. Mphunzitsi mmodzi yekha wochita zimenezi amafafaniza ntchito ya anzake onse. Muuzenso makolo pa msonkhano wa PTA, chifukwa kunyumba mwana wofunsa "chifukwa chiyani" amamuyesa wamwano.

A PEA, alangizi a sukulu za pulaimale m'zoni yanu, muwadziwitse, mwina nkhaniyi n'kuilowetsa pa maphunziro a aphunzitsi ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakasulidwirako luso. Inuyo teremu ikubwerayi muzilowa m'kalasi imodzi sabata iliyonse, mukhale kumbuyo, muwerenge kuti ndi ana angati amene alankhula chiganizo chathunthu chochokera m'mutu mwawo.