Achemwali, maloto a munthu wina asakukwatitseni

Achemwali amene mwabisa dzina, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi makomenti a anzathu aja akuti "ingopempherani basi". Mwati mnyamata wina wa m'gulu lanu la mapemphero akuti analota kuti inu ndinu mkazi wake, mneneri wina wavomereza, ndipo akukuuzani kuti mukakana ndiye kuti mwakana chifuniro cha Mulungu, simudzakwatiwanso. Mtima wanu sukufuna, koma mukuopa kulimbana ndi Mulungu. Mundipirire, ndiyankha motalikirapo.

Akhristufe timakonda kusakasaka chifuniro cha Mulungu m'maloto ndi kumapiri, chonsecho mbali yaikulu inalembedwa poyera. Pa 1 Atesalonika 4:3 Paulo akuti chifuniro cha Mulungu ndi chakuti tikhale oyera, tipewe dama. Pa Mika 6:8 akuti tichite chilungamo, tikonde chifundo, tiyende modzichepetsa ndi Mulungu wathu. Zimenezo sizifuna mneneri. Ndiye pa nkhani ya banja, onani 1 Akorinto 7:39. Paulo akunena za mkazi wamasiye, kuti ndi womasuka kukwatiwa ndi amene iye akufuna, bola akhale wa mwa Ambuye. Amene iye akufuna, achemwali. Malire Mulungu anaika, koma kusankha anamusiyira mwiniwake.

Si kuti ndikunyoza maloto ayi. Yosefe analotadi za Mariya pa Mateyu 1:20. Koma kumbukirani kuti awiriwo anali atatomerana kale, ndipo Mariyayo mngelo Gabrieli anamupitira payekha ku Nazarete, mpaka anayankha ndi pakamwa pake. Sanachite kumvera kwa Yosefe. Nayenso Rebeka, ngakhale wantchito wa Abrahamu anapemphera pachitsime ndipo chizindikiro chinachitikadi, abale ake anamuitana n'kumufunsa ngati apite ndi munthuyo. Zili pa Genesis 24:58. Nanga inu bwanji Mulungu auze mnyamatayo, auzenso mneneri, n'kukudumphani inuyo amene mudzakhale m'nyumbamo moyo wanu wonse?

Nkhani imene ndikufuna muwerenge usiku uno ndi ya pa 1 Mafumu 13, yomwe sitiimva kawirikawiri paguwa. Munthu wa Mulungu wochokera ku Yuda anatumidwa ku Beteli kukadzudzula guwa la mfumu Yerobowamu. Analamulidwa kuti asadye kapena kumwa kanthu kumeneko, asabwererenso njira imene anadzera. Mfumu itamuitanira kunyumba, anakana. Kenaka mneneri wina wokalamba wa ku Beteli komweko anamulondola pa bulu, n'kumupeza atakhala pansi pa mtengo. Anamuuza kuti, "Nanenso ndine mneneri, mngelo wandiuza kuti ubwerere ukadye kwathu." Baibulo silikubisa, likuti ankamunamiza. Munthu uja anabwerera, anadya, ndipo panjira mkango unamupha. Chimandiopsa n'chakuti mfumu yeniyeni anatha kuikanira, koma mnzake wonena kuti "Mulungu wandiuza" sanathe. N'chifukwa chake 1 Yohane 4:1 akuti tiyese mizimu, ndipo Yeremiya 23 akudzudzula aneneri ofuula kuti ndalota, ndalota.

Koma nanu musadalire kwambiri za "mtendere wa mumtima" zimene ena alemba m'makomentimu. Yona anagona tulo tofa nato m'chombo pamene ankathawira ku Tarisi m'malo mopita ku Nineve kumene Mulungu anamutuma. Yesu ku Getsemane anali ndi chisoni chofa nacho, chikhalirecho anali pakati penipeni pa chifuniro cha Atate. Mtima pawokha umanamiza. Uikeni pamodzi ndi Malemba, uphungu wa anthu okhwima, ndi zimene maso anu akuona.

Ndiye yang'anani zipatso. Mnyamatayu mutamuuza kuti mukufuna nthawi, anatani? Analeza mtima, kapena anayamba kukutumizirani mavoisi noti usiku, kukuopsezani ndi matemberero? Akalankhula za banja amatchula za amalume ake, za ankhoswe, za kukaonekera kwanu, kapena akuti musauze munthu chifukwa "adani alowererapo"? Mukatchula zokayezetsa magazi limodzi, akuvomera kapena akuti mulibe chikhulupiriro? Chinthu cha Mulungu sichiopa kuwala. Ukwati wa kutchalitchi amachita kuulengeza pamaso pa mpingo wonse kuti wodziwa chovuta anene, ndipo ngakhale Malamulo Oyendetsera Dziko lino, pa gawo 22, akuti munthu asakakamizidwe kulowa m'banja.

Mawu akuti simudzakwatiwanso aja ndi amene andikwiyitsa kwambiri. Amenewo ndi mawu oopseza, ndipo amawasankha dala chifukwa akudziwa mmene mtsikana amapanikizikira zaka zikamapita, azakhali akamafunsa pamaliro ndi pazinkhoswe kuti nanga inu liti.

Safunsa anadya phula. Pitani kwa abusa a mpingo umene munalembetsa, osati mneneri amene wavomereza kaleyo. Pezaninso mayi mmodzi wamkulu, kaya wa Mvano, kaya wa Chigwirizano, amene wakhalitsa m'banja ndipo sadziwana ndi mnyamatayo. Mayi anu kapena amalume anu adziwenso. Kwa mnyamatayo muuzeni mwaulemu kuti, "Ndamva maloto anu, koma ine Mulungu sanandiuze. Ngati ndi zake, andiuza nane." Mukatero musamupatse tsiku loti mudzamuyankhe, musalandire mphatso zake kapena ndalama za pafoni, ndipo akakuitanani kumapemphero a awiriwiri kunyumba kwake kapena kuphiri, musapite.