Zitosi za mbalame pa boti, pa sola ndi pa jeti

Funso: Ndili ndi boti la faiba lonyamula alendo ku Cape Maclear. Usiku limagona pamadzi chapafupi ndi gombe. Kukacha ndimapeza denga, chivundikiro cha injini ndi panelo ya sola zili mbuu ndi zitosi, ndipo batire silikudzaza ngati kale. Ndinagula kadzidzi wapulasitiki, koma pano mbalamezo zikumatera pamutu pake penipeni. Kodi alipo mankhwala oti ndithire?

Yankho: Bambo, za mankhwalazo zisiyeni. Chilichonse chimene mungathire pa boti chimathera m'nyanja, ndipo malo amene mumagwira ntchitowo ali m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mbuna zimene alendo anu amalipira kuti akaone zili pansi pa boti lomwelo. Poizoni sasankhanso: akhoza kupha ndi nkhwazi yomwe.

Tiyambe ndi batire, chifukwa mpamene ndalama zanu zikutayikira. Panelo wamba yotchajira batire la mavolti 12 imakhala ndi timaselo (tizigawo topanga magetsi) 36 tolumikizana motsatana, ndipo magetsi amadutsa mu kalikonse. Chitosi chikaphimba kaselo kamodzi, kaseloko kamatsekereza tinzake tonse ta mumzerewo. Kuseri kwa panelo kuli tizipangizo totchedwa ma diode, olambalalitsa magetsi pa timaselo tophimbidwa, koma akatero mumataya gawo lalikulu la panelo, mphamvu yotsalayo n'kuchepa moti singakankhe magetsi kulowa m'batire. Kaselo kophimbidwako kamatenthanso, ndipo zikapitirira pamatsala banga lopserera losachoka. Ndiye musanagule batire lina, tsukani panelo m'mamawa galasi lisanatenthe, muone mmene litchajire masiku angapo.

Potsuka, nyowetsani kaye. Mbali yoyera ya chitosi ndi asidi wotchedwa uric acid, amene sasungunuka msanga m'madzi, ndipo akaumira padzuwa amadya penti ndi kuyambitsa dzimbiri pa zitsulo. Yalani nsanza yonyowa pamenepo kwa mphindi khumi, kenako pukutani ndi siponji. Waya wotsukira mapoto kapena mchenga musayerekeze: zimakanda galasi ndi khungu losalala la faiba, ndipo pokandikapo mpamene zitosi za mawa zimakakamira kwambiri. Banga likakanika pa faiba, viniga wosungunula ndi madzi amathandiza.

Tsopano funso lenileni ndi lakuti mbalamezo zikufuna chiyani pa boti lanu. Ngati zili mphipi, zikufuna poumitsira mapiko. Nthenga zake zimalowa madzi ikamira posaka nsomba, n'chifukwa chake mumaiona itatambasula mapiko pamwala. Imafuna malo okwera, olimba, oonekera mbali zonse, ndipo denga la boti loima pamadzi ndi lomwelo. Akakowa ndi akhwangwala amabwerera chakudya: nyambo yotsala, usipa wogwera pansi, matumbo a nsomba. Kadzidzi wanu sanachotse chilichonse mwa zimenezi. Mbalame zinangomuyang'ana masiku ochepa, n'kuzindikira kuti sasuntha. Ma CD akale ndi timapepala tonyezimira timathera chimodzimodzi, pokhapokha muzizisintha malo pafupipafupi.

Chimene ndimakhulupirira ine ndi kulanda mbalame poponda. Tengani chingwe cha nailoni chowedzera, chokhuthala ndithu, muchikunge pamwamba pa denga ndi pa zitsulo za m'mbali, chitalikire masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pamene zimatera. Padenga lotambalala ikani mizere ingapo yotalikirana pafupifupi masentimita 30. Mbalame yaikulu ikafuna kutera, chingwe chimaigunda pamiyendo kapena pachifuwa, imalephera kukhazikika, n'kupita kwina. Chikhale chokungika bwino nthawi zonse. Chingwe cholendewera chimakola phazi kapena phiko, ndipo zotsala zoduladula musaziponye m'madzi. Pa chifukwa chomwechi, ukonde wakale kapena neti ya udzudzu musayale pa boti.

M'mphepete mwa panelo ndi pa chitsulo cha nyali gwiritsani ntchito ma cable tie, timalamba tapulasitiki tomangira mawaya. Mangani michira italoza kumwamba, motalikirana masentimita asanu. Gulani akuda, chifukwa oyera amauma ndi dzuwa n'kuthyoka msanga. Musaboole felemu ya panelo. Kuseri kwake kuli kale mabowo. Panelo yogona chafulati ipendekeni pang'ono kuti mvula izithandiza kutsuka.

Injini ivekeni lona madzulo aliwonse, koma idikireni izizire. Lonayo ikhale yotsetsereka ngati denga la nyumba, osati yokhala ndi dambo pakati pomwe madzi ndi mbalame zingakhazikike.

Funso: Ine ndimasamala jeti ya matabwa, pokochezera maboti, pa malo ena ogona alendo ku Nkhata Bay. Zitosi zikanyowa pamaterera, ndipo anamzeze amanga zisa pansi pa denga la pokhalira. Ndigwetse zisazo?

Yankho: Ngati muli mazira kapena ana, zisiyeni mpaka auluke, sapitirira masabata ochepa. Pakadali pano khomani thabwa lopyapyala pansi pa zisazo kuti lizilandira zitosi. Akachoka, chotsani zisa ndi kutseka ngodyazo ndi thabwa lopendekeka kuti matope asagwirenso.

Nsanamira za jeti zimakhala ndi mitu yafulati, ndipo pamenepo mpamene mbalame zikuluzikulu zimakhala tsiku lonse. Zivekeni tizipewa tosongoka ta malata, kapena dulani mituyo mopendeketsa n'kupaka penti kuti madzi asalowe m'mtengo. Pa zogwirira za m'mbali, chingwe chija chimagwiranso ntchito, bola chikhale poti alendo sachikola ndi manja.

Za kuterera: musasese zitosi zouma, chifukwa fumbi lake likhoza kudwalitsa m'mapapo. Thirani madzi, dikirani pang'ono, kwechani ndi burashi yolimba motsata mizere ya thabwa. Mankhwala oyeretsera zovala ayi, pakuti zonse zimatsikira m'madzi momwe anthu akusambira. Ndipo ngati pali amene amatumbulira nsomba pa jetipo, apempheni asamukire kumtunda, apo ayi akhwangwala sadzachoka ngakhale mukunge zingwe zingati.